Thrash, Doom, Death kapena Black: Kuyerekeza Zamba za Heavy Metal

Mu 1989, pa mwambo wopereka mphoto za Grammy ku America, okonza mwambowo anaika kwa nthawi yoyamba mphoto ya nyimbo za hard rock ndi heavy metal, ndipo anthu ambiri ankayembekezera kuti gulu la Metallica ndilo liilandire. Mphotoyo inapita kwa Jethro Tull, gulu la ku Britain lomwe mtsogoleri wake amadziwika ndi kuliza chitoliro. Okonda metal anakwiya kwambiri, ndipo chaka chotsatira okonzawo anagawa mphotoyo pawiri, ya metal n'kupita kwa Metallica. Ngati akuluakulu a malonda a nyimbo ankalephera kudziwa pamene metal imayambira ndi pamene imathera, sizodabwitsa kuti omvera nawonso amatsutsana mpaka lero, kungoti tsopano mkanganowo uli pakati pa eni ake: okonda thrash, doom, death ndi black, aliyense amakokera kwake ponena za chamba chimene chiyenera kutchedwa metal yeniyeni.

Kwa munthu amene khutu lake silinazolowere, zamba zonsezi ndi phokoso limodzi. Koma amene akufuna kusankha chomvera asayambire pa zovala zakuda, tsitsi lalitali kapena zithunzi zoopsa za pa zimbale, pakuti zimenezo zimasocheretsa. Ayambire pa zimene khutu lingagwire, zomwe ndi liwiro la ng'oma, kalizidwe ka gitala, mawu a woyimba, ndiponso mmene nyimboyo inajambulidwira mu situdiyo. Ndipo pansi pa zonsezi pali chinthu chimodzi chomwe ine ndimachitenga ngati muyeso wa metal, chimene oyimba amachitcha riff. Riff ndi kachidutswa kakafupi ka gitala kobwerezedwabwerezedwa, komwe nyimbo yonse imatsamirapo. M'nyimbo zambiri gitala imangoperekeza woyimba, koma mu metal woyimba, woliza besi ndi womenya ng'oma onse amatsata riff, ndipo gitalayo imadutsa mu ampulifaya yokankhidwa mopyola mphamvu zake mpaka mawu atasweka n'kukhala okhuthala ndi osasa. Nyimbo imene mungaichotsere riff koma n'kukhalabe yomveka bwino, kawirikawiri si metal, ngakhale itakhala yaphokoso chotani.

Kulemera kwa mawu kumeneku kuli ndi mbiri yomwe ikuyenera kufotokozedwa, chifukwa zamba zonse zomwe tikuyerekeza zinaphukira pamenepo. Tony Iommi, mnyamata wa mu mzinda wa Birmingham ku England, anaduka nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja pa makina a mu fakitale yodula zitsulo ali ndi zaka 17. Popeza iye ndi wamanzere, zala zovulalazo ndi zomwe zimakanikiza nsambo pa khosi la gitala. Anadzipangira tizivindikiro ta pulasitiki tovala ku zalazo, anayamba kugwiritsa ntchito nsambo zopyapyala, ndipo pambuyo pake anazimasula kuti zisakhale zokungika kwambiri, zimene zinatsitsa mawu a gitala pansi, makamaka pa chimbale cha gulu lake chotchedwa Master of Reality cha 1971. Chimbale choyamba cha gulu lake la Black Sabbath chinatuluka pa 13 February 1970, ndipo chimayamba ndi mvula, mabingu ndi belu, kenaka manotsi atatu okha olizidwa pang'onopang'ono, omwe pakati pawo pali mpata umene khutu limaumva ngati wosakhazikika ndi woopseza. Magulu a Led Zeppelin ndi Deep Purple analipo pa nthawi yomweyo ndipo anali aphokoso, koma mizu yawo inali idakali mu blues, n'chifukwa chake ambiri amawaika ku hard rock. Amene anadula muzu wa blues kotheratu ndi Judas Priest, a ku Birmingham komweko, ndi magitala awo awiri othamangitsana komanso mawu okwera kwambiri a Rob Halford. Iron Maiden ya ku London inawonjezera nyimbo zazitali zofotokoza nkhani za mbiri yakale, pamene Motörhead inabweretsa liwiro ndi ukali wa punk. Kuchoka pamenepa njira zinagawikana.

Thrash ndi doom ndi zamba ziwiri zomwe zinatenga cholowa chimodzi n'kulowera kosiyana kwenikweni. Thrash inasankha liwiro. Inakula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ku California ndi ku New York, ndipo magulu ake anayi odziwika kwambiri ndi Metallica, Slayer, Megadeth ndi Anthrax. Mukayang'anitsitsa dzanja la woliza gitala ya thrash, mudzaona kuti wagoneka m'mphepete mwa chikhatho pa nsambo, pafupi ndi pomwe zamangiriridwa, kuti mawu asalire motalika, kenaka akumenya nsambo yaikulu mofulumira ndi kapulasitiki kolizira, nthawi zambiri motsitsa dzanja pansi kokhakokha. Chotuluka pamenepo ndi mawu aafupi, olimba ndi ogunda, ndipo womenya ng'oma amawatsatira ndi mapazi onse awiri. Woyimba amakalipa ndi kufuula, komabe mawu ake amamveka, ndipo nkhani zake ndi za nkhondo, mabomba a nyukiliya, chinyengo cha olamulira ndi ukapolo wa mankhwala osokoneza bongo. Chaka cha 1986 ndicho chinali pachimake, pamene zimbale za Master of Puppets, Reign in Blood ndi Peace Sells zinatuluka motsatizana. Reign in Blood, chimbale cha Slayer, chili ndi nyimbo 10, koma sichikwana n'komwe mphindi 30. Ku Germany kunali Kreator, Sodom ndi Destruction, omwe anali aukali kuposa anzawo a ku America, ndipo ku Brazil, mu mzinda wa Belo Horizonte, kunatuluka Sepultura.

Ubwino wa thrash kwa munthu woyamba kumene ndi woti nyimbo zake zili ndi dongosolo lodziwika, ndiko kuti ndime, kolasi ndi solo ya gitala, choncho khutu silisochera. Kuipa kwake ndi koti magulu a mphamvu zochepa amafanana kwambiri, moti ukamvera zimbale zitatu motsatizana umayamba kusokoneza nyimbo.

Doom inakana kuthamanga. Inabwerera kwa Black Sabbath n'kuchedwetsa zinthu koposa, kuti notsi iliyonse ilire mpaka itazilala yokha isanabwere inzake. Candlemass ya ku Sweden, ndi chimbale chake choyamba cha 1986, inaika mawu oyera ndi amphamvu pamwamba pa mariff olemera, pamene Saint Vitus ndi Pentagram za ku America zinali zokhakhala kwambiri. Gulu la Trouble la ku Chicago linkayimba mawu ochokera m'Baibulo, mfundo yomwe iyenera kukumbukiridwa ndi amene amaganiza kuti metal yonse imalambira mdima. Ena anapita patali zedi: gulu la Sleep linajambula nyimbo imodzi yotalika kupitirira ola lathunthu. Doom imafuna kuleza mtima, ndipo imafunanso zipangizo zomvera zotulutsa mawu a pansi, pakuti pa kasipika ka foni theka la nyimboyo limasowa, n'kutsala mawu opyapyala osonyeza ngati palibe chikuchitika. Poyerekeza ziwirizi, thrash imagwira thupi msanga ndipo imakoma ngakhale ukugwira ntchito ina, koma doom imafuna kuti ukhale pansi ndi kuipatsa nthawi yake yonse. Ine ndimaona kuti doom ndi yomwe imaonetsa poyera ngati riff ili yabwino kapena ayi, chifukwa palibe liwiro lobisira kufooka kwake.

Koma kuyerekeza komwe kuli ndi zambiri ndi kwa death metal ndi black metal, chifukwa ziwirizi ndi zomwe anthu amazisokoneza kwambiri, pamene eni ake amaziona ngati zotsutsana. Zonse zinabadwa kuchokera ku thrash, zonse zimagwiritsa ntchito kamenyedwe ka ng'oma kotchedwa blast beat, komwe ng'oma ya phazi, ng'oma yaing'ono ya pakati ndi chitsulo cholira zimamenyedwa mosinthanasinthana pa liwiro loti khutu limalephera kuwerenga, ndipo mu zonse ziwiri woyimba sayimba mwa nthawi zonse. Kufanana kwake kumathera pomwepa.

Death metal imafuna kulemera ndi luso. Zimbale zomwe zimatchulidwa poyamba ndi Seven Churches cha Possessed mu 1985 ndi Scream Bloody Gore cha gulu la Death mu 1987, ndipo likulu lake linadzakhala mzinda wa Tampa ku Florida, komwe situdiyo ya Morrisound inajambula magulu monga Morbid Angel, Obituary ndi Cannibal Corpse. Magitala amatsitsidwa pansi kwambiri, ng'oma zimajambulidwa mwakuti kugunda kulikonse kumveke pakokha, ndipo mariff amasinthasintha kangapo m'nyimbo imodzi, nthawi zina popanda kolasi yobwerezedwa. Woyimba amabangula ndi mawu a pansi pa mmero. Ambiri amaganiza kuti kumeneku ndi kungokuwa, koma woyimba waluso amakankha mpweya kuchokera m'mimba n'kunjenjemeretsa minofu yomwe ili pamwamba pa mitsempha ya mawu, mmero uli womasuka, ndipo amene amachita zimenezi mokakamiza amasasa mawu posakhalitsa. Mawu amenewa ndi bwino kuwamva ngati chida china choyimbira, choyandikana ndi ng'oma, osati ngati uthenga woti mumve liwu ndi liwu. Ku Sweden chambachi chinagawikanso pawiri. Magulu a ku Stockholm, motsogozedwa ndi Entombed, ankatenga kachipangizo kopondaponda kotchedwa Boss HM-2, n'kukweza timabatani take tonse mpaka pamapeto, gitala n'kumalira ngati macheka a injini. Magulu a ku Gothenburg, monga At the Gates, In Flames ndi Dark Tranquillity, anabweza magitala awiri oyimba mogwirizana a mtundu wa Iron Maiden, n'kupanga death metal yomwe munthu angathe kuing'ung'uza.

Za mawu a nyimbo za death metal tiyenera kunena zoona: magulu ena amafotokoza magazi, mitembo ndi nkhanza mopyola muyeso, moti zimbale zoyambirira za Cannibal Corpse zinaletsedwa ku Germany kwa zaka zambiri. Koma chambachi sichinaime pamenepo. Chuck Schuldiner, mtsogoleri wa Death, anasiya nkhani zotere n'kuyamba kulemba za chinyengo cha anthu, ukalamba ndi kukumbukira ubwana, ndipo zimbale zake za Human mu 1991 ndi Symbolic mu 1995 zili ndi luso lapamwamba. Iye anamwalira mu 2001 ndi chotupa cha mu ubongo ali ndi zaka 34.

Black metal ya ku Norway inabadwa pokana zonsezi. Dzina lake linachokera pa chimbale cha 1982 cha gulu la Venom la ku Newcastle, ndipo kamvekedwe kake kanaumbidwa kwambiri ndi Bathory ya ku Sweden, koma chamba monga tikuchidziwira lero chinakhazikika ku Norway kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pakati pa achinyamata omwe ankaona kuti death metal yayera kwambiri ndipo yasanduka mpikisano wa luso. Umboni wabwino wa kupandukaku ndi gulu la Darkthrone. Chimbale chake choyamba, cha 1991, chinali death metal yojambulidwa bwino ku Stockholm, koma chaka chotsatira gululi linatembenukira ku black metal, ndipo mu 1994 linatulutsa chimbale cha Transilvanian Hunger chomwe linajambula pa kamakina ka matepi ka njira zinayi zokha, mwadala, kuti mawu akhale opyapyala ndi ozizira. Woliza gitala ya black metal sagoneka chikhatho pa nsambo ngati wa thrash. Amazisiya zotseguka, n'kumakweza ndi kutsitsa dzanja mofulumira kwambiri pa notsi imodzi asanapite pa ina, kotero kuti ngakhale dzanja likuthamanga, nyimbo yeniyeniyo ikuyenda pang'onopang'ono. Besi imamveka pang'ono, ng'oma zimakhala kumbuyo, ndipo woyimba amalira ndi mawu okwera, akuthwa, omveka ngati akuchokera kutali. Pamene death metal imafuna kuti mumve chida chilichonse pachokha, black metal imafuna kuti zida zonse zisungunukirane mpaka chitsale ndi mkhalidwe umodzi wa kuzizira, nkhalango ndi kusungulumwa. Gulu la Emperor la ku Norway linawonjezera kiyibodi n'kupangitsa nyimbozo kukhala zazikulu ngati za gulu la okesitira, ndipo oyimba ambiri ankadzipaka nkhope utoto woyera ndi wakuda kuti aoneke ngati mitembo.

Apa pali nkhani yomwe munthu woona mtima sangailumphe. Anthu ena a m'gulu la black metal ku Norway anachita zauchifwamba zenizeni. Matchalitchi anatenthedwa, kuphatikizapo tchalitchi chamatabwa chakalekale cha Fantoft ku Bergen mu 1992, ndipo mu 1993 Øystein Aarseth wa gulu la Mayhem anaphedwa ndi Varg Vikernes wa Burzum, yemwe analamulidwa kukhala m'ndende zaka 21, ndipo amadziwikanso ndi maganizo osankhana mitundu. Mpaka lero m'chambachi muli kagulu kochepa kofalitsa maganizo oterewa, ndipo ndikulangiza aliyense kuti asanagule chimbale kapena kuvala malaya a gulu lina ayambe wafufuza chimene gululo limaimira. Sindivomereza zoti nyimbo ndi nyimbo basi, chifukwa ndalama ndi ulemu zimene womvera amapereka zimapita kwa munthu weniweni. Komabe kungakhale kulakwa kutaya chamba chonse chifukwa cha anthu amenewa, pakuti magulu monga Enslaved ya ku Norway, Alcest ya ku France ndi Wolves in the Throne Room ya ku America anatenga kalizidwe komweko n'kumayimba za mbiri, maloto ndi chilengedwe.

Nanga pa ziwirizi woyamba kumene asankhe iti? Ngati mumakonda kutsatira zimene woliza chida akuchita, kudabwa ndi mapazi a womenya ng'oma ndi kusintha kwa mariff, death metal idzakukhutiritsani, ndipo khomo lake losavuta ndi magulu a ku Gothenburg, makamaka chimbale cha At the Gates cha 1995 chotchedwa Slaughter of the Soul, chomwe nyimbo zake ndi zazifupi ndi zogwirika. Ngati mumafuna nyimbo yokulowetsani m'maganizo akuya, black metal ndiyo yanu, koma musayambire pa zimbale zojambulidwa mosasamala dala, chifukwa mudzaganiza kuti sipika yawonongeka. Yambirani pa Emperor kapena Alcest. Kwa ine death metal ndi yomwe imakhalitsa, pakuti ukaimveranso umapezamo kanthu kena komwe unakaphonya poyamba, pamene black metal imadalira kwambiri mmene mtima wako ulili pa nthawiyo, ndipo tsiku lomwe mtima suli pamenepo, kubwerezabwereza kwake kumatopetsa.

Power metal sifuna mawu ambiri. Ndi chamba cha mawu oyera okwera, makolasi oyimbika pagulu, ndi nkhani za ngwazi ndi maufumu ongopeka. Helloween ya ku Hamburg ndiyo inaika maziko ndi zimbale zake za 1987 ndi 1988, Blind Guardian inatsatira, ndipo Nightwish ya ku Finland inawonjezera mawu a mzimayi wophunzira kayimbidwe ka opera. Okonda zamba zaukali amainyoza kuti ndi yachibwana, koma kumeneko n'kukondera, chifukwa riff ilimo, luso lilimo, ndipo kwa munthu amene kubangula kumamuthawitsa, iyi ndiyo njira yosalala yolowera.

Mkangano waukulu wotsala ndi wa nu metal, yomwe inayamba ndi chimbale choyamba cha Korn mu 1994 n'kufika pachimake ndi Linkin Park mu 2000. Chambachi chinagulitsa zimbale zambirimbiri, ndipo achinyamata ochuluka anadziwira metal pamenepo, koma okonda metal yakale amachikana. Zifukwa zawo ndi zomveka: solo ya gitala inachotsedwa, kalankhulidwe ka hip hop kanalowamo, magulu ena anaika munthu wozunguza mbale za nyimbo, ndipo kagundidwe kake kanachokera ku funk osati ku Judas Priest kapena Slayer. Ine sindiona chifukwa choweruzira chamba chonse pamodzi, koma gulu lililonse pa lokha, pogwiritsa ntchito muyeso wa riff uja. Korn inkaliza magitala a nsambo zisanu ndi ziwiri otsitsidwa pansi, ndipo nyimbo zake zimagwa mukachotsa gitala, choncho ili ndi phazi limodzi mkati. Slipknot, ndi ng'oma zake zamapazi awiri ndi blast beat, ili pafupi ndi death metal kuposa mmene oitsutsa amavomerezera. Linkin Park ndi yosiyana: mphamvu yake ili pa mawu a oyimba awiri, pa kiyibodi ndi pa kolasi, gitala imangothira mphamvu pa kolasiyo, ndipo nyimbo zake zambiri zimamvekabe bwino zikayimbidwa ndi piyano yokha. Ndi nyimbo zabwino ndithu, ndipo sindichita manyazi kuzimvera, koma ndimaziika ku rock.